Ndalama ya makompyuta inalipira mlonda: zokambirana za pa gulu la WhatsApp la laibulale ya m'dera lathu

Lolemba madzulo

Mlembi: Mwaswera bwanji nonse. Monga tinagwirizanirana pa msonkhano wa komiti Loweruka lija, amayi athu a msungichuma ali ndi lipoti loti apereke pano, poti ambiri mwa inu amene mumathandiza laibulale simupezeka ku misonkhano. Chonde tiwalole amalize kaye, mafunso abwere pambuyo.

Mayi Nabanda (msungichuma): Zikomo a mlembi. Abale anga, ndiyamba ndi manambala, kenako ndinene chimene chikundilemera mumtima.

Pamwezi laibulale imadya K200,000. Mlonda K90,000, mtsikana wathu woyang'anira mabuku timam'patsa K60,000 ya sopo, mayunitsi a magetsi K35,000, madzi K15,000. Nyuzipepala tinasiya kugula kalekale. Zolowa ndi izi: chipinda chakumbuyo chimene timabwereketsa kwa a makalasi a madzulo ndi a kwaya chimabweretsa K70,000, makhadi a umembala pamodzi ndi chindapusa cha obweza mabuku mochedwa zimafika K30,000 mwezi ukakoma, ndipo anthu anayi amene amatumiza mwezi ndi mwezi amakwanitsa K20,000. Zonse pamodzi K120,000. Ndiye kuti mwezi uliwonse timaperewera K80,000.

Tsono nkhani ndi iyi. Mu Okutobala a Mavuto anatumiza K1,500,000 imene anasonkha ndi anzawo ku Joni kuti tigule makompyuta atatu. Laibulale ilibe akaunti ku banki, choncho ndalamayo inakhala mu akaunti yanga. Lero yatsala K1,020,000. K480,000 ndinatapako ine, osafunsa komiti. K270,000 ndinalipira mlonda miyezi itatu imene anali asanalandire. K110,000 inapita ku ngongole ya madzi ndi mayunitsi. K100,000 ndinagulira malata ndi misomali n'kulipira mmisiri wokhoma denga. Malisiti onse ndili nawo, kupatula mmisiri amene anangosaina papepala.

Sindinadyepo ngakhale tambala. Koma ndinalakwa, ndipo ndati mumve kwa mwiniwake, osati kumsika.

Mavuto ku Joni: Amayi, ndawerenga kawiri. Sindikudziwa ndiyambire pati.

Bambo Mbewe: Ine ndiyambira pomwepo. Ndalama ya anthu ikhala bwanji mu akaunti ya munthu mmodzi miyezi inayi? Wapampando anali kuti? Komiti yonse inali kuti? Ndinanena chaka chatha kuti zimenezi zidzatipweteka, anthu n'kumati a Mbewe ngovuta.

Mavuto ku Joni: Amayi Nabanda, inu ndinu ngati mayi anga, munandiona ndikukula, ndiye sindikuyankhulani mwachipongwe. Koma mumvetse mmene ndalama ija inasonkhedwera. Anthu khumi ndi asanu ndi awiri, ena amagwira m'minda ya maluwa m'nyumba za anthu, ena m'malo odyera, wina ndi mlonda amene amagona panja nthawi yozizira. Ndinayenda khomo ndi khomo ndi chithunzi cha ana athu atakhala pansi akuwerenga. Ndinawalonjeza kuti pofika Khirisimasi ndiwatumizira chithunzi cha makompyuta. Khirisimasi inadutsa, ndinawauza kuti akukonza kaye mawaya. Lero ndikawauza chiyani? Kuno nkhani ya ndalama zotumizidwa kumudzi ndi bala lakale. Aliyense ali ndi m'bale amene anam'tumizira ya njerwa, pobwera n'kupeza pabwalo pali udzu.

Mayi Nabanda (msungichuma): Mwana wanga, ukunena zoona, ndipo sindikana kalikonse. Ndingofotokoza tsiku lake kuti udziwe, osati kuti ndidziyeretse. Linali Lachitatu mu Januwale, mvula ija inagwa usiku wonse. M'mawa mtsikana wathu anandiimbira akulira. Nditafika ndinapeza madzi akutsika ndi khoma, shelefu ya mabuku a Fomu 3 ndi 4 itanyowa mizere iwiri. Tinayanika mabuku pakhonde ngati mphale. Tili pomwepo a mlonda anandiitanira pambali, anavula chipewa, n'kundiuza kuti eni nyumba awapatsa mpaka Lamlungu, apo ayi katundu panja. Bambo amene uja ali ndi adzukulu atatu amasiye. Wapampando anali ku maliro ku Dedza, foni yosapezeka. Ndinaima pakati pa mabuku onyowa ndi munthu wopanda pogona, ndalama ili m'foni mwanga. Ndinaganiza kuti tibweza tikachita zosonkhetsa za Pasaka. Kulakwa kwanga kwakukulu n'kwakuti wapampando atabwerako ndinachita manyazi, ndinakhala chete milungu itatu.

Wapampando: Ndivomereze kuti mlandu wina ndi wanga. Kuti mlonda sanalandire miyezi itatu ndinkadziwa. Tonse a m'komiti tinkadziwa. Tinkangoti mwezi wamawa, mwezi wamawa, n'kumasiya mayiwa azionana nawo nkhope tsiku ndi tsiku.

Bambo Mbewe: Kuvomera n'kwabwino, koma ndalama sibwerera ndi kuvomera.

Chisomo: Pepani akuluakulu, ndine mwana pagulu pano koma ndiloleni. Ine ndinalemba MSCE chaka chatha, ndipo miyezi isanu ndi umodzi yomaliza ndinkawerengera mmenemo mpaka 8 koloko usiku chifukwa kwathu kulibe magetsi. Amene ankatitsekulira ndi kutiperekeza mpaka pamsewu ndi a mlonda omwewo. Akanachoka, laibulale ikanatsekedwa nthawi ya 4 koloko, ndipo makompyutawo akanagona usiku umodzi wokha. Sindikuti amayi anachita bwino kusanena. Ndikungofunsa kuti tikanagula makompyuta atatu n'kuwaika m'nyumba yodontha, yopanda mlonda, yopanda mayunitsi, tikanati tathandiza?

Mavuto ku Joni: Mng'ono wanga, funso lako ndi labwino, koma likanafunsidwa kwa ine mu Januwale. Foni yanga siinali ku Dedza.

Mayi Nabanda (msungichuma): Pamenepo ndilibe poyankha.

Lachiwiri m'mawa

Bambo Phiri: Mwadzuka bwanji nonse. Usiku ndinangowerenga, sindinafune kuyankha mitima ili yotentha. Ndagwira ntchito yowerengera ndalama zaka makumi atatu mpaka kupuma, ndiye ndiloleni nditalikitseko pang'ono.

Choyamba, ndalama sizifanana ngakhale zonse zili makwacha. Pali ndalama imene munthu amapereka n'kunena kuti chitani nayo chimene laibulale ikusowa. Pali ina imene imabwera itamangidwa chingwe: iyi ndi ya makompyuta, iyi ndi ya denga. Yachiwiriyi si yanu kufikira mutachita chimene anakutumani. Mwangoisungira eni ake. Mukafuna kuimasula chingwe, amene amamasula ndi amene anamanga, ndipo azichita polemba, ngakhale uthenga wa pa WhatsApp womwewu. Mabungwe akuluakulu amataya owathandiza pa chifukwa chimenechi, popanda ngakhale wakuba.

Chachiwiri, ndipo apa ndipamene ndikufuna tikhalepo, mayi Nabanda tinawaika pamalo pamene munthu sayenera kuikidwa. Amalandira ndi iwo, amasunga ndi iwo, amalipira ndi iwo, amalemba m'kabuku ndi iwo, ndipo woona kabukuko palibe. Ngakhale mutaikapo abusa, tsiku lina adzapunthwa. Kumbukirani 2013, nthawi ya Cashgate, ndalama zankhaninkhani zinatuluka ku Capital Hill kulipira katundu amene sanaperekedwe. Malamulo analipo, makompyuta analipo, chimene chinafooka ndi maso oyang'ana mnzako. Sindikufanizira mayiwa ndi anthu aja, ndikhululukeni ngati zamveka choncho. Ndikunena kuti chitseko chosatseka n'chimodzimodzi, kaya ndi nyumba yaikulu kaya ndi kachisakasa.

Chachitatu, laibulale yathu ilibe bajeti. Imene ilipo ndi ndandanda wa zimene zachitika kale. Bajeti ndi kukhala pansi chaka chisanayambe n'kunena kuti tidzafuna K2,400,000, tili ndi chiyembekezo cha K1,440,000, dzenje ndi K960,000, nanga tilikwirira ndi chiyani? Tikanalemba zimenezi n'kuzimata pakhomo, a Mavuto akanaziona asanayende khomo ndi khomo, mwina akanasonkhetsa zina.

Mavuto ku Joni: Bambo Phiri, zoonadi, ine sindinkadziwa kuti mumaperewera mwezi ndi mwezi. Zithunzi zimene ndimalandira ndi za ana akumwetulira. Koma ndinenenso chilungamo: ndikanapita kwa anzanga n'kunena kuti sonkhani tilipire bilu ya madzi, sindikanapeza theka lake. Munthu amafuna chinthu choti aloze n'kunena kuti icho ndinagula ine.

Aphunzitsi Mwale: Apo mwagunda pamene pali matenda athu onse. Kusukulu n'chimodzimodzi. Wofuna kumanga chipinda apezeka, wofuna kugula choko sapezeka. Laibulale yathu yalandirapo makatoni a mabuku kangapo, anthu akujambulitsa, kuwomba m'manja. Mukatsekula mupeza mabuku a malamulo a misonkho a dziko lina, ena a zaka makumi anayi zapitazo, pamene mwana akufuna buku la Biology ndi la Chichewa logwirizana ndi silabasi ya MANEB. Makatoni aja tinalipira galimoto kukawatenga, lero akudyedwa ndi chiswe kuseri kwa chitseko. Mphatso inanso imabwera ndi ngongole yake. Walira mvula walira matope: makompyuta atatu akufuna mayunitsi owonjezera, mabandulo a intaneti, zitsulo za m'mawindo, ndi munthu wowakonza akafa. Ndani anawerengerapo zimenezi?

Mlembi: Palibe, aphunzitsi. M'maminitsi a Okutobala tinangolemba kuti komiti yathokoza.

Mayi a Tadala: Ine sukulu sindinapite nayo patali, koma ku banki mkhonde kwathu chaka chino n'chachisanu ndi chitatu tisanakanganepo za ndalama. Bokosi lili ndi maloko atatu. Makiyi ali ndi amayi atatu osiyana, ndipo wosunga bokosi alibe kiyi. Ndalama timawerenga pamphasa, mokweza, aliyense akuona, ndipo tisanabalalike tonse timatchula pamodzi kuti m'bokosi mwatsala zakuti. Sabata yotsatira tisanatsekule timafunsana kaye kuti tinasiya zingati. Komanso tili ndi kathumba kapadera ka zadzidzidzi, ka matenda ndi maliro, kamene sitikongozana. Nanga laibulale ya anthu ophunzira ikulephera bwanji zimene ife amayi a zitenje timatha? Denga likadontha mumathamangira kuti, poti kathumba koteroko mulibe?

Bambo Phiri: Mayi a Tadala, mwaphunzitsa m'mizere isanu zimene ine ndinaphunzira zaka zitatu. Maloko atatuwo ku banki amati osainira. Titsekule akaunti m'dzina la laibulale, osainira atatu, ndalama izituluka pokhapokha awiri asaina. A banki adzafuna malamulo a gulu lathu olembedwa, maminitsi osonyeza kuti tasankha osainirawo, ziphaso zawo za unzika, ndi umboni woti gulu ndi lolembetsedwa. Pamenepa ndi pamene takhala tikuzemba, chifukwa kulembetsa kumafuna kuyenda m'maofesi. Koma popanda zimenezi palibe kampani ya ku Kanengo imene ingatipatse cheke. Kampani siilemba cheke m'dzina la munthu.

Bambo Mbewe: Zonsezi n'zabwino za mawa. Ine ndikufunsa za dzulo. Mayi Nabanda apitirize kugwira ndalama pamene nkhani ili chonchi? Kunena zoona ine ndi golosale yanga ndimapereka K5,000 mwezi uliwonse, ndine mmodzi mwa anayi aja. Ndikufuna munthu wapadera aone kabuku ndi malisiti kuyambira Januwale wa chaka chatha, ndipo kufikira atamaliza mayiwa aime kaye pambali. Si chidani. Mayiwa timapemphera mpingo umodzi.

Mayi a Tadala: Koma a Mbewe, munthu wadziulula yekha. Mukam'khazika pambali, mawa ndani adzaululenso?

Mayi Nabanda (msungichuma): Ayi amayi, a Mbewe akunena zoyenera, ndipo kwa ine n'kundipeputsa. Kabuku, malisiti ndi sitetimenti ya ku banki ndipereka kwa a Phiri lero lomwe ngati alola. Ndikufuna dzina langa liyere ndi mapepala, osati ndi chisoni chanu.

Bambo Phiri: Ndalola, koma ndisakhale ndekha, tingabwereze matenda omwewo. A Mbewe akhale nane, ndi Chisomo azilemba.

Chisomo: Ndilipo bambo. Ndikhoza kuziika pa Excel pa foni, mwezi uliwonse tsamba lake.

Agogo aakazi a Yamikani: Pepani ndalowerera. Kodi Loweruka laibulale itsekula? Mdzukulu wanga ali ndi buku loti abweze, akuopa chindapusa.

Mlembi: Itsekula agogo, 8 koloko mpaka 12 koloko. Abwere nalo, asaope.

Lachiwiri usiku

Wapampando: Ndathokoza nonse chifukwa cha ulemu umene mwasunga. Tsono dzenje la K80,000 lija likadalipo, ndipo mwezi ukutha. Tiyeni tikambe kopeza ndalama. Ena m'komiti akuti tichitenso big walk ngati ija ya zaka ziwiri zapitazo.

Mlembi: Ndiloleni ndikumbutse za big walk imeneyo, poti maminitsi ndili nawo. Tinatolera K640,000. Koma matisheti, zokuzira mawu, madzi akumwa, mafuta a galimoto yotsogolera ndi chakudya cha alendo olemekezeka zinadya K390,000. Yotsala inali K250,000, titavutika miyezi iwiri. Mlendo wolemekezeka analonjeza pamaso pa anthu ndalama imene mpaka lero sitinaione.

Bambo Mbewe: Ndiye bwanji osangokweza makhadi? Aliyense wolowa azilipira kenakake pakhomo, ngakhale K200. Zaulere anthu sazisamala.

Aphunzitsi Mwale: Apa pokha a Mbewe ndikana ndi mtima wanga wonse. Akuluakulu obwereka mabuku kupita nawo kunyumba, kwezani, sindidandaula. Koma mwana wolowa kudzawerenga asalipire. K200 kwa inu ndi yochepa, kwa mwana amene wachoka kunyumba osadya ndi khoma. Ana amene amadzaza mabenchi aja ndi omwe makolo awo alephera kugula mabuku, ena ndi oti abwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi ndipo akuwerenga okha kuti asatsalire. Kumbukirani William Kamkwamba wa ku Kasungu. Anasiya sukulu ya sekondale nthawi ya njala ya 2001 ndi 2002 chifukwa chosowa fizi, ndipo chimene chinam'gwira dzanja ndi kalaibulale kakang'ono ka ku Wimbe, kumene anapeza mabuku a sayansi mpaka anapanga makina a mphepo opangira magetsi kunyumba kwawo. Pakhomo paja pakanakhala mbale yotolera ndalama, mnyamata uja akanabwerera. Tikayamba kulipiritsa ana, tikhala tapulumutsa nyumba n'kutaya chifukwa chimene tinaimangira.

Bambo Mbewe: Ndamva aphunzitsi. Za ana ndabweza mawu. Koma akuluakulu amene amabwera kudzatchaja mafoni tsiku lonse osatsekula ndi buku lomwe, amenewo azilipira. Mayunitsi athu akuthera m'mafoni mwawo.

Chisomo: Zimenezo n'zoona, masoketi onse anayi amakhala odzaza kuyambira m'mawa.

Mayi a Tadala: Ine maganizo anga ndi a pang'onopang'ono ndi mtolo. Pagulu pano tilipo anthu oposa 90. Anthu 40 okha atati azipereka K2,000 pamwezi, ndi K80,000 yomweyo. K2,000 siikwana ndi paketi ya shuga. Koma anthu sapereka chifukwa sadziwa kumene ikupita, komanso palibe amene amawakumbutsa. Pakhale nambala ya Airtel Money ndi ya Mpamba ya laibulale, osati ya munthu, ndipo pa 5 mwezi uliwonse mlembi aziika pano mayina a amene apereka ndi zimene zagulidwa. Pepala lomwelo lizimatidwa pachitseko kuti ndi amene alibe foni aziona.

Bambo Phiri: Ndikugwirizana nazo, kungoti mayina a opereka tiziika a okhawo amene alola, ena sakonda kutchulidwa, ndipo osapereka asachititsidwe manyazi. Ndiwonjezere chinthu chimene chikundidetsa nkhawa: K80,000 si dzenje lenileni. K90,000 imene tikupatsa mlonda ndi malipiro otsikitsitsa amene boma linakhazikitsa mu 2024. Mu 2025 linakweza kufika K126,000. Ndiye kuti ngakhale miyezi imene timalipira pa nthawi yake, bamboyu tikumubera. Bajeti yoona iyenera kulemba zimene munthu akuyenera kulandira, osati zimene tazolowera kum'patsa. Tikatero dzenje likufika K116,000, tisanaikepo kathumba ka zadzidzidzi kamene anena mayi a Tadala.

Wapampando: Mwandiziziritsa thupi a Phiri. Koma ndi bwino kudziwa.

Aphunzitsi Mwale: Pali makomo ena amene sitinagogodepo. National Library Service ili konkuno ku Lilongwe, ku City Centre, inakhazikitsidwa ndi lamulo la Nyumba ya Malamulo la 1967, ndipo ntchito yake ndi yomweyi yofikitsa mabuku kwa anthu. Mabuku ochokera ku Book Aid International ya ku UK amafika m'dziko muno kudzera kwa iwo. Tipite tikadzionetse, tikapemphe mabuku ndi upangiri wa kasamalidwe kake, mtsikana wathu akaphunzireko. Mabuku akachokera kumeneko, kandalama kathu kochepaka kazipita ku magetsi ndi malipiro.

Khomo lina ndi khonsolo ya mzinda ndi thumba la chitukuko cha m'dera la CDF. Kumeneko musakapemphe malipiro a mlonda, sizidzatheka, ndalama imene ija ndi ya zinthu monga zomangamanga. Koma denga lonse ndi zitsulo za m'mawindo zikhoza kulowa. Chofunika ndi nthawi. Kuyambira 2022 chaka cha boma cha zachuma chimayamba pa 1 Epulo, osati Julayi monga kale. Ife timapita kukapempha zinthu zitagawidwa kale, n'kumabwerako tikudandaula. Pempho lidutse ku komiti ya chitukuko ya wodi yathu ndi kwa akhansala miyezi ingapo chaka chisanayambe, lili ndi mitengo yake yolembedwa.

Bambo Mbewe: Za andale ndimaziopa. Akakhoma lata limodzi afuna nyumba yonse ipakidwe utoto wa chipani.

Aphunzitsi Mwale: Ndalama imene ija ndi ya misonkho yanu yomwe a Mbewe, si ya m'thumba mwa munthu. Tikapemphe ngati eni ake, ndipo m'malamulo athu tilembemo kuti pakhoma la laibulale sipakhala mtundu wa chipani chilichonse.

Mlembi: Wina wanditumizira kumbali kuti bwanji tichite mpikisano wa matikiti, wopambana apate njinga.

Bambo Phiri: Zamatikitizo zili ndi malamulo ake, amaziyang'anira a Malawi Gaming and Lotteries Authority. Gulu losalembetsedwa lisayambe ndi zimenezo. Tikonze kaye nyumba yathu.

Lachitatu

Mavuto ku Joni: Mwadzuka bwanji makolo anga ndi abale anga. Usiku sindinagone bwino, ndiye ndinachita chimene ndinkachiopa. Ndinatumiza uthenga wa amayi Nabanda, monga momwe anaulembera, ku gulu la anzanga 17 aja. Sindinachotsepo liwu. Awiri akwiya kwambiri, mmodzi wati ndisadzam'pezenso ndi nkhani za kumudzi, ndipo sindimuimba mlandu. Koma mkulu uja ndinati ndi mlonda anandiimbira foni. Anandifunsa kuti bamboyo anakhala miyezi itatu osalandira, ankadya chiyani? Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati gawo lake lisabwezedwe.

Tagwirizana chonchi. K270,000 ya mlonda tayimasula, isawerengedwe ngongole. K210,000 ya madzi, mayunitsi ndi denga ndi ngongole ya laibulale, osati ya amayi Nabanda, ndipo ibwerere ku thumba la makompyuta pang'onopang'ono, mwezi uliwonse tizionapo. Pa K1,020,000 yotsalayo mugule makompyuta awiri msanga, yotsala ikhale ya zitsulo za pawindo. Ndikuti msanga chifukwa tonse tikukumbuka Novembala 2023, kwacha itagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Ndalama yogulira katundu wochokera kunja siyenera kugona miyezi inayi. Pakali pano mitengo imene ndinafunsa mu Okutobala yasintha kale.

Koma pali chimodzi chimene anzanga akakamira: ndalama ichoke mu akaunti ya munthu sabata ino.

Mayi Nabanda (msungichuma): Mwana wanga, ndalira. Ukawathokoze onse, ndi amene akwiyawo, ali ndi chifukwa. Bambo amene wamasula gawo lake ukamuuze kuti a mlonda athu ndikawafotokozera ndekha.

Bambo Phiri: A Mavuto, zimene mwalembazi ndi chilolezo chimene ndinkanena. Mlembi achisindikize, chikhale mufayilo. Za kuchotsa ndalama sabata ino pali kavuto: akaunti ya laibulale siingatseguke masiku atatu, kulembetsa kutenga nthawi. Njira yachidule ndi kugula katunduyo. Tipeze makoteshoni atatu a masitolo osiyana, komiti isankhe, tikalipire anthu atatu pamodzi, lisiti lijambulidwe liikidwe pano tsiku lomwelo. Ndipo tisangothamangira wotchipa. Tifunse ngati akupereka chitsimikizo choti makina akafa m'miyezi yoyamba adzakonza kapena kusintha.

Chisomo: Makoteshoni ndikhoza kukatenga mawa, ndiyambira ku Area 3 ndi Area 4 kenako ku Old Town konse. Ndingopempha ya minibasi.

Bambo Mbewe: Ya minibasi ndipereka ine, udutse pagolosale m'mawa. Koma makompyuta asalowe m'nyumba ija zitsulo zisanaikidwe. Ayambe owotcherera. Ndipo ndikubwerezanso, kalondolondo wa kabuku achitike ndithu, nkhani isathere m'misozi.

Mayi Nabanda (msungichuma): Kabuku kali kale kwa a Phiri, ndinakasiya dzulo madzulo pamodzi ndi envelopu ya malisiti.

Bambo Phiri: Ndalandira. Ndaona kale kuti miyezi ya Juni ndi Julayi ndalama za chipinda chakumbuyo zinalembedwa pamodzi, tidzafuna a makalasi a madzulo atiuze masiku amene analipira. Si nkhani yaikulu, koma tiyenera kuilondola.

Mayi a Tadala: Za anthu 40 zija ndayamba ine. Ku banki mkhonde amayi asanu ndi mmodzi alola K2,000 pamwezi, koma ati ayamba nambala ya laibulale ikatuluka, osati kale. Mundilembe ine woyamba.

Aphunzitsi Mwale: Wachisanu ndi chitatu ndine. Kalata yopita ku National Library Service ndilemba usiku uno, wapampando adzasaine Loweruka.

Wapampando: Msonkhano Loweruka 2 koloko masana ku laibulale, ndipo si wa komiti yokha, aliyense abwere. Nkhani zake: malamulo a gulu, kusankha osainira atatu, bajeti ya miyezi khumi ndi iwiri, ndi malipiro a mlonda. A Mavuto tidzakuimbirani pa WhatsApp kuti mumve nawo, nthawi ya kuno ndi ya ku Joni ndi imodzi.

Mavuto ku Joni: Loweruka ndimaweruka 1 koloko, ndidzakhalapo. Mudzaike foni pafupi ndi a Phiri kuti manambala ndidzawamve bwino.

Mlembi: Amene muli ndi mipando yapulasitiki mubwere nayo, mabenchi sadzakwana. A Mbewe, mmisiri wowotcherera uja nambala yake munditumizire kumbali, ndimuitane adzayeze mawindo Lachisanu.